Malemu Amene Ankadya Mazira Awiri

Ana anga, m'bokosi lachitsulo limene amayi anu amaikapo wailesi muli mapepala anga a kunkhondo. Mukadzalitsegula mudzapezamo kalata ya umboni yonena kuti ine Lukasi Mbewe ndinali situwadi wosamala amene sanalakwitsepo kanthu. Pansi pa kalatayo pali buku la chikuto chofiirira limene likutsutsa zimenezo. Bukulo likusowa tsamba limodzi. Musadzanamizire makoswe kapena adzukulu anga. Ndinang'amba ndine, ndipo ndikufuna ndikuuzeni chifukwa chake mutu usanayambe kundithawa.

1944: Chipatala cha matenti

Ndinalowa usilikali ndikuganiza kuti andipatsa mfuti. Atamva kuti ndinaphunzira kumishoni kwathu ku Dowa ndipo ndimatha kulemba, anandipatsa pensulo, makiyi ndi chipande. Anatikweza sitima ya pamadzi, ndinasanza mpaka kulapa machimo amene sindinachite, kenaka anatitsitsa kutsidya kwa nyanja yamchere, kudziko lotentha moti makandulo ankapindika okha m'sitolo. Kumeneko kunali chipatala cha asilikali, cha matenti okhaokha, ndipo ntchito yanga yoyamba inali imeneyo.

Situwadi si dokotala, ngakhale kuno ku Kafue ena amandivutitsabe kuti ndiwabaye jekeseni. Situwadi amayang'anira chakudya cha odwala, mabulangeti, sopo ndi katundu wawo. Msilikali akagonekedwa, tinkatenga mapepala ake ndi kachitsulo ka nambala ka m'khosi n'kuika m'thumba, thumbalo n'kulikoleka m'sitolo pa msomali wa nambala ya bedi lake. Kumutu kwa bedi tinkamangirirako khadi la dzina. Azungu mayina athu ankawaluma lilime, choncho ankangoitana nambala ya bedi. Ine mutu wanga sugwira manambala, umagwira nkhope. M'buku langa la zakudya ndinkalemba dzina la munthu ndi kanthu kena komudziwira, ndiye m'munsi mwake zimene wadya tsiku limenelo.

Zinthu zinkasowa kwabasi. Mkulu wanga anali sajeni wachizungu amene ankadziwa liwu limodzi lokha la chinyanja, ndipo tinamutcha liwu lomwelo, Sajeni Palibe. Sopo, palibe. Bulangeti, palibe. Mazira ndiye ankawasunga ngati ana ake, ankaperekedwa kwa yekhayo amene dokotala walamula.

M'wodi yanga munali anthu awiri amene nkhani ino ndi yawo. Pa bedi 7, pakhomo penipeni pa tenti, panagona Mweemba, msodzi wa ku Chanyanya kuno ku Kafue, dziko limene nthawi imeneyo ndinali ndisanaliponde. Khutu lake lakumanzere linang'ambika ndi mbedza ali mwana, choncho m'buku ndinkalemba kuti Mweemba wa khutu. Ankadwala malungo ndipo dokotala anamulembera mazira awiri pa tsiku. Ena ankamuchitira nsanje, iye ankandikalipira. "Ba Situwadi, dzira ni nkuku yosasila. Nipaseni nsomba!" Ankatero m'mawa uliwonse, kunena kuti dzira ndi nkhuku yosamalizika, kwinaku akumeza. Pa bedi 12, pakona pamene mphepo sinkafika, panagona Yohane Chimkoka wa ku Dedza, munthu wofatsa wodwala chifuwa. Ankaimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi pakati pa kutsokomola, ndiye m'buku anali Yohane woimba.

Tsiku lina masana Yohane anandikoka malaya. "Achimwene, pakona pano ndikubanika. Ndikanakonda kuona kunja." Mweemba anamva, ndipo anayankhira pomwepo akunjenjemera kuti iye mphepo ya pakhomo yamukwana. Lamulo linali loti wodwala sasunthidwa popanda sisitala, nesi woyang'anira wodi, koma sisitala anali ndi matenti anayi, ndipo ine ndinaona kuti n'kanthu kakang'ono. Ndinawasinthanitsa. Yohane anapita pa 7, Mweemba pa 12, onse awiri anandithokoza, ndipo ndinachoka ndikudzimva kuti ndine Mkhristu weniweni. Makhadi a kumutu kwa mabedi sindinawakhudze, ndinaiwala.

Patapita masiku awiri ananditumiza ndi lole kukatenga ufa kudoko. Pobwera ndinapeza bedi 7 layalidwa mwatsopano. Yohane anali atamwalira ndipo anali atamutenga kale. Ndinadandaula, ndinasiya kulemba dzina lake, ntchito inapitirira. Mweemba anadya mazira ake masabata ena atatu, kenaka dokotala anati malungo amufooketsa, abwerere kwawo. Anamupatsa thumba la pa msomali 12 n'kumukweza sitima.

Ndinadzazindikira patapita mwezi, ndikusesa mu ofesi ya Sajeni Palibe. Patebulo panali mndandanda wa akufa, ndipo ndinaonapo dzina la Mweemba. Kalaliki anali atakopera dzina la pa khadi la bedi 7. Thumba la Mweemba linapita kwa abale ake pamodzi ndi uthenga wa maliro, ndipo Mweemba wamoyo anapita ndi mapepala a Yohane. Ndikanatha kulankhula tsiku lomwelo. Koma sabata imeneyo mayi wamkulu wa manesi anali atangondilembera kalata ya umboni ija, ndipo ndinkaiwerenga katatu pa tsiku. Ndinadziuza kuti akakafika kwawo zikakonzeka zokha. Buku lofiirira ndinalibisa pansi pa chikwama changa, ndipo ndinakhala chete chifukwa cha mantha, palibenso dzina lina loti ndizitchule.

1953: Kafue

Nkhondo itatha ndinakwatira amayi anu, ndinayendayenda, ndipo chaka chimene boma la Chitaganya linayamba tinatsikira pa siteshoni ya Kafue ndi bokosi lija, mphasa ndi mwana wathu Rute ali kumsana. Kalata ya umboni inandipezera ntchito pa kachipatala kakang'ono ka mabedi ochepa chabe. Anthu a kuno anamva azungu akundiitana situwadi, anayesa ndi dzina langa, ndipo mpaka lero ndine ba Situwadi. Amayi anu anasanduka amake Situwadi, ngati kuti anandibereka ndi iwo.

Mkulu wathu anali sisitala wachizungu amene tinamutcha Dona Kafumbi. Akalowa m'chipinda sankapereka moni, ankayamba wayendetsa chala pa shelefu n'kuchiyang'ana. Fumbi la Kafue mukulidziwa, la mwezi wa Ogasiti limalowa ndi m'botolo lotseka, koma iye ankati ndi ulesi wathu. Anali wovuta koma wosakondera, ndipo tinkamvana. Mabandeji akasowa tinkawiritsa akale, mabulangeti akachepa ndinkadula limodzi pakati, sopo ndinkamuduladula ndi ulusi kuti akwane mwezi. Dona Kafumbi ankaona zonsezi. Patapita zaka ziwiri anandiuza kuti watumiza dzina langa, pamodzi ndi kalata ija, kuti ndikakhale situwadi wamkulu pa chipatala china ku Lusaka. Kumeneko kunali nyumba ya mpopi pakhomo. Amayi anu, amene ankatunga madzi kutali, anayamba kuimba pophika.

1955: Nsomba za ku Chanyanya

Nsomba za odwala ndinkagula kwa anthu a njinga ochokera ku Chanyanya, amene ankabwera kuseri kwa khitchini. M'mawa wina kunabwera munthu amene ndinali ndisanamuonepo pamenepo, atavala chipewa chakutha. Anawerama kuti amasule dengu, chipewa chinagwa, ndipo ndinaona khutu.

"Mweemba wa khutu!" ndinakuwa ndisanaganize.

Anadzuka, anandiyang'ana kuyambira kumapazi, kenaka anaseka mpaka njinga inagwa ndi milamba yomwe. "Ba Situwadi! Ndimwe? Mwaina shani, kunenepa konseku! Kansi mazira yathu munali kudya ndimwe?" Tinagwirana manja osalekana, ndipo ndinamufunsa za moyo. "Moyo uti? Ine ninafa kudala, simunamvele? Kuno banitana ati ba Malemu."

Ndinamupatsa tiyi, anakhala pa chitini cha palafini, ndipo anandisimbira. Paulendo wonse wobwerera ankamuitana kuti Yohane Chimkoka. Akakana, ankati malungo amuzunguza mutu. Iye kuwerenga sankadziwa. Lole itafika ku Lusaka anamva kuti akumupititsa ku Nyasalande, ndiye anatsika ngati akukataya madzi n'kuyenda wapansi mpaka ku Chanyanya. Anapeza maliro ake atalira kale, mowa wake atamwa kale. Amayi a m'mudzimo atamuona anathawira m'mabwato. Mkazi wake yekha ndiye anaima, anaotcha nsomba yaminga yambiri n'kumuikira patali kuti aone ngati ndi mzukwa. "Anati chipuku sichilavula minga. Ine ninadya, ninalavula, ndiye ananigwila kwanja. Tili na bana basanu manje, bonse ba malemu."

Ndinaseka naye. Kwawo anamulandira, koma ku boma dzina lake linali litafafanizidwa. Masiku amenewo munthu wakuda sankayenda m'tauni popanda chitupa, kapepala kosonyeza dzina ndi mudzi wake. Akapita kukapempha, kalaliki ankati Mweemba anamwalira, ndipo mapepala amene wanyamulawo ndi a Yohane wa ku Dedza. Abale ake anakamuchitira umboni, koma anauzidwa kuti pakamwa sipangapose chidindo cha asilikali. Anamuuza kuti angolandira chitupa cha dzina la Yohane, iye anakana kudya dzina la mnzake. Ali pamtsinje zinalibe kanthu, koma tsopano ana anali atakula, iye ankafunika kugulitsa nsomba m'tauni, ndipo apolisi anali atamugwira katatu.

"Manje bakamba ati bakanigwila futi, bazanikwezeka lole kunipeleka ku Dedza, ati ndiye kwathu," anatero, ndipo apa sanaseke. "Dedza ili kuti, ba Situwadi? Kuli nsomba? Bana banga azabasunga ndani?"

Sankadziwa kuti wolakwa wamukhalira pamaso. Ndinagula nsomba zake zonse, ndi zimene sitinkazifuna zomwe, ndipo ndinamulola apite osamuuza.

Lamulungu lotsatira, titachokera kutchalitchi, amayi anu ankasankha nyemba pakhonde. Ndinatulutsa buku lofiirira n'kuwauza zonse. Ndinawauzanso kuti ndikaonetsa bukulo ku boma, Dona Kafumbi adziwa kuti ndinaphwanya lamulo, ndinabisa cholakwa, ndiponso ndinabwera ndi buku la asilikali losakhala langa. Za ku Lusaka zithera pomwepo, mwina ndi ntchito yomwe. Anapitiriza kusankha nyemba.

"Bambo a Rute, ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikupukuta bokosi la maliro?" anatero. Ndinavomera. "Nyumba ya mpopi ndikuifuna, musaganize kuti sindikuifuna. Mutu wanga watopa ndi ndowa. Koma madzi ake ine sindingamwe bambo wa ana asanu ali pa lole. Mawa mupite ku Chanyanya."

Ndinabwereka njinga. Mweemba ndinamupeza akusoka ukonde, ndipo ndinamuuza ndili chiimire, chifukwa ndinkaopa kuti ndikakhala pansi ndisintha maganizo. Anasiya ukonde. Anayang'ana kumtsinje. "Zaka ileveni, ba Situwadi," anatero. Ndinati inde. Anatolanso ukonde. "Pa chitseko paja mphepo inali kunipaya zoona. Munanithandiza. Koma ku boma mukakambe ndimwe. Malemu sibakamba."

Tinapita pa sitima, iye atavala jekete lake la usilikali, ine buku lili m'kati mwa malaya. Tinadikira pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ndiye mesenjala anatilowetsa kwa bwana Disi, mzungu wamkulu wa bomalo, amene naye anali atamenya nkhondo. Ndinafotokoza zonse. Anaitanitsa kalata ya imfa ya Mweemba, ndipo inati anamwalira Lachiwiri. Ndinatsegula buku langa pa Lachitatu lake n'kuwerenga mokweza: Mweemba wa khutu, phala, mazira awiri. Lachinayi, mazira awiri. Lachisanu, mazira awiri, wapempha nsomba. Bwana Disi anandilanda bukulo n'kuyamba kutsegula yekha masamba, akunyowetsa chala. Atafika sabata yachitatu mapewa ake anayamba kugwedezeka. Anati kwawo akufa sadya chonchi. Anaitana Mweemba kuti asendere, anamutembenuza mutu n'kuona khutu, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi. Kalaliki amene ankamubweza zaka zonse zija anasekanso, poona kuti bwana akuseka.

Kenaka kuseka kunatha. Anandifunsa chifukwa chimene ndinakhalira chete. Ndinati, "Ndinkaopa, bwana." Anati alembera a usilikali, ndiponso alembera mkulu wanga wa ntchito. Tikutuluka anandibweza ndi funso limene ine, m'zaka zonsezo, ndinkalizemba ngakhale m'pemphero: nanga abale a Yohane anauzidwa ndi yani?

Chitupa chinatuluka patapita miyezi inayi. Mweemba anachiika m'kachitini ka fodya n'kuchikoleka m'khosi, ndipo ankaimitsa apolisi yekha pamsewu kuti awaonetse, mpaka anayamba kumuthawa. Dzina la Malemu lokha silinachoke. Anakhala nalo mpaka tsiku limene linamuyeneradi, ndipo pa maliro ake achiwiri anthu analira akuseka.

Dona Kafumbi anandiitana mu ofesi, kalata ya bwana Disi ili kumanja, kalata yanga ya umboni ili kumanzere. Anayendetsa chala pa kalata yanga, anachiyang'ana, ndipo anati apa pali fumbi. Za ku Lusaka anafafaniza. Ntchito sanandichotse, anati chifukwa ndinapita ndekha osakokedwa. Kuyambira tsiku limenelo khadi la wodwala tinkalimangirira padzanja ndi kansalu, osati pa bedi, ndipo womanga ndinali ine mpaka ndinapuma. Mumandifunsa kawirikawiri chifukwa chimene munakulira ku Kafue anzanu akupita ku Lusaka. Chifukwa chake n'chimenechi. Mpopi amayi anu anadzauona mochedwa, titasamukira kuno ku Estates, kunyumba zatsopano za ku Kafue, ndipo tsiku loyamba anautsegula n'kungouyang'ana.

1956: Dedza

Kalata ya boma youza abale a Yohane za imfa yake inali itapita kale, koma ndinaona kuti pepala lalakwira anthu amenewa kokwanira. Pa tchuthi changa ndinatenga mapepala a Yohane, amene Mweemba anawasunga bwino m'nsalu, ndi buku lofiirira, n'kukwera basi. Ndinayenda masiku atatu.

Mkazi wa Yohane, mayi Nachisale, ndinawapeza akusenda mbatata pabwalo. Kalata ya boma anali atailandira koma sanaikhulupirire, chifukwa boma lomwelo linawayankhapo kale kuti mwamuna wawo anatulutsidwa usilikali ali wamoyo. Mudzi wonse unkati Yohane ndi mtchona, mmodzi wa amuna aja amene amapita kunja n'kuiwala kwawo. Ankati anapeza mkazi wina kutauni. Mayiwo sakanatha kulira maliro, sakanathanso kukwatiwa, ndipo mwana wawo wamkazi anakula akutchedwa mwana wa mtchona. Ine amene ndinkadandaula za mpopi ndinachita manyazi aakulu.

Ndinakhala pansi, chipewa chili m'manja, ndipo ndinawauza zonse osasiyako. Sanandidule mawu. Nditamaliza anafunsa, "Inu abambo, mukuti anapempha kuona kunja. Anaona?"

"Anaona, mayi. Masiku awiri. Pakhomopo pankaoneka mitengo ndi kachidutswa ka nyanja."

"Ndiye posuntha paja simunalakwe," anatero. "Munalakwa pokhala chete." Ndinati ndi zoona. Analoza buku. "Ine sindiwerenga. Mundiwerengere pamene pali iwo."

Ndinatsegula tsamba lomaliza limene linali ndi dzina lake, la tsiku limene ndinanyamuka kukatenga ufa. "Yohane woimba. Phala wakana. Tiyi wamwa, shuga masupuni anayi."

Mayi Nachisale anaika mpeni pansi. Anaseka kamodzi, kuseka kwa munthu amene waona nkhope yodziwika pamsika. "Anayi! Ndi iwowo basi. Shuga ankandimalizira m'nyumba, ndinkachita kubisa kudenga." Anaitana mwana wawo kuti adzamve, ndipo ndinawerenganso. Kenaka anatambasula dzanja. "Boma linandipatsa pepala loti ali moyo, kenaka lina loti anafa. Onsewo sindikuwafuna. Ndipatseni ilo la tiyi."

Ndinang'amba tsambalo bwinobwino motsata ulusi. Analipinda kanayi n'kulimanga pa nsonga ya chitenje. Atatero anaimirira, anayenda mpaka pakati pa bwalo pamene mudzi wonse ukanawamva, ndipo anayamba kulira mwamuna wawo.